MediaWiki pa kompyuta yakale ya mu ofesi: kuiika n'kwa masana amodzi, ntchito ili pa kuisamalira

Mu ofesi yaing'ono imene ndimathandizako pa nkhani za makompyuta, zinthu zofunika kuzidziwa zinkakhala m'malo atatu: m'mutu mwa mayi ena amene agwira ntchito pamenepo kuyambira kalekale, pa mafulashi oyenda m'matumba a anthu, ndiponso m'gulu la WhatsApp momwe uthenga wa mwezi watha umakwiririka ndi mauthenga a maliro ndi zithunzi za ukwati. Munthu akafuna kudziwa kadzazidwe ka fomu inayake, kapena ndondomeko yotsatira pogula katundu, ankayenera kudikira mayi aja, ndipo iwo akapita ku tchuthi ntchito zina zinkangoima. Ndinaganiza zoika wiki pa kompyuta imodzi yakale imene inkangotola fumbi pakona, kuti aliyense wolumikizidwa ku rauta ya mu ofesimo azitha kuwerenga ndi kulemba. Anzanga ena poyamba ankayesa ndikunena za wiki ya masiku asanu ndi awiri, moti panatenga kanthawi kuti timvane. Pano ndikufotokoza mmene ndaionera MediaWiki, pulogalamu yopangira wiki imene imayendetsanso Wikipedia, nditaiika kawiri, koyamba pa laputopu ya Windows pongoyeserera, kachiwiri pa kompyuta yakale ija nditaiikamo Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows.

Wiki ndi masamba amene owerenga ake angathenso kuwasintha pogwiritsa ntchito browser basi, ndipo chilichonse chosinthidwa chimasungidwa pamodzi ndi dzina la wosinthayo ndi nthawi yake. Anayambitsa zimenezi ndi Ward Cunningham, amene anatsegula WikiWikiWeb mu 1995, ndipo dzinali analitenga ku mawu a chinenero cha ku Hawaii otanthauza kufulumira. Wikipedia itayamba mu Januwale 2001 inkayendera pulogalamu yotchedwa UseModWiki, yomwe inkasunga masamba m'mafayilo wamba, koma anthu atachuluka katunduyo anaikulira. Magnus Manske analemba pulogalamu yatsopano ya PHP imene inayamba kugwira ntchito mu 2002, Lee Daniel Crocker n'kuilembanso chaka chomwecho kuti izithamanga bwino, ndipo dzina lakuti MediaWiki linadza mu 2003. Mbiri imeneyi ndi yofunika kwa munthu wofuna kuiika, chifukwa ndi imene ikufotokoza khalidwe lake lonse. Pulogalamuyi inapangidwira chikhamu cha anthu osadziwana olemba poyera, osati ofesi ya anthu khumi ndi awiri amene ali ndi nkhani zina zosayenera kuonedwa ndi aliyense. Ndi yaulere, ili pansi pa layisensi ya GNU GPL, ndipo palibe amene adzakufunseni ndalama ya pamwezi kapena kuwerenga kuti ogwiritsa ntchito ndi angati.

MediaWiki si pulogalamu imene mumangodina kawiri n'kutseguka ngati Word. Imafuna zinthu zitatu zikhalepo kale: seva ya masamba monga Apache, chinenero cha PHP chimene inalembedwamo, ndi database yosungiramo zolembedwa, imene ingakhale MariaDB, MySQL, PostgreSQL kapena SQLite. Pa Windows njira yachidule ndi XAMPP, yomwe imabwera ndi Apache, MariaDB ndi PHP m'thumba limodzi. Mukaiika, mumadzutsa Apache ndi database pa kabokosi kake koyendetsera, mumatsitsa MediaWiki ku mediawiki.org, kenako mumaimasulira m'foda yotchedwa htdocs. Kutsitsa zonsezi kumadya bandulo ndithu, choncho ndi bwino kuchita kamodzi n'kusunga mafayilowo pa fulashi. Mukalemba localhost, dzina limene kompyuta imadzitchulira yokha, ndi dzina la foda yanu mu browser, pamabwera tsamba lokuuzani kuti fayilo ya LocalSettings.php palibe, ndipo pansi pake pali linki yoyambira kuika. Uthenga umenewu umaoneka ngati chenjezo la vuto, koma ndi chizindikiro choti zonse zili m'malo.

Chopunthwitsa choyamba chimabwera pamene pulogalamu yoikira ikuyendera kompyuta yanu kuona ngati ili ndi zofunika zonse. MediaWiki imafuna zigawo zingapo za PHP, monga mbstring, xml ndi intl, ndipo chimodzi chikasowa imakana kupitirira. Pa XAMPP chigawo cha intl chimakhalapo koma chili chozimitsa, ndiye muyenera kutsegula fayilo ya php.ini, kupeza mzere wa extension=intl, kuchotsa kachizindikiro ka semicolon kamene kali kumayambiriro kwake, kenako n'kuzimitsa Apache ndi kuidzutsanso. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri kwa wodziwa, koma kwa amene sanatsegulepo fayilo yotero ingamudyere theka la tsiku. Chimene ndingayamike n'chakuti uthenga wake umatchula dzina lenileni la chigawo chosowacho, sumangonena kuti pali vuto. Muyeneranso kuonetsetsa kuti mtundu wa PHP ukugwirizana ndi wa MediaWiki: mtundu wa 1.43 umafuna PHP 8.1 kapena yoposerapo, pamene wa 1.39 unkalola ngakhale PHP 7.4.

Pa Ubuntu zinthu zinayenda mwaukhondo kuposa pa Windows, chifukwa lamulo limodzi la apt, chida choikira mapulogalamu pa Ubuntu, limatsitsa Apache, MariaDB, PHP ndi zigawo zake zonse nthawi imodzi. Koma apa ndinadzikola ndekha. Ndinkayesa kulowa mu database ndi akaunti ya root, yomwe ili ndi mphamvu zonse, monga ndinachitira pa laputopu, osadziwa kuti pa Ubuntu akaunti imeneyi ya MariaDB imatsegulidwa ndi woyang'anira kompyutayo kuchokera pa terminal, malo olembapo malamulo a kompyuta, osati ndi mawu achinsinsi olembedwa mu browser. Yankho lake ndi kupanga nokha database yopanda kanthu, kupanga akaunti ina yokhala ndi mawu achinsinsi, n'kuipatsa mphamvu pa database yokhayo. Nditaganizira bwino ndinaona kuti mmenemu ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa wiki siyenera kugwira makiyi a nyumba yonse. Amene akufuna kupewa zonsezi angasankhe SQLite, yomwe imasunga wiki m'mafayilo pa kompyuta yomweyo popanda seva ina ya database. Kwa anthu ochepa imakwanira, ngakhale kuti zowonjezera zina za MediaWiki sizigwira nayo bwino, ndipo n'chifukwa chake ine ndinakhalabe pa MariaDB.

Mafunso otsatira ndi osavuta: dzina la wiki, dzina la woyang'anira, ndi mawu achinsinsi amene kwa woyang'anira ayenera kukhala a zilembo zosachepera 10. Kenako pamabwera mphambano imene ambiri amaiphonya. Pulogalamu yoikira imakufunsani ngati mukufuna mafunso ena, kapena ngati mwatopa ndipo mukungofuna imalize. Ndikulangiza kuti musasankhe kutopa, chifukwa tsamba lotsatiralo ndi limene lili ndi nkhani yaikulu ya amene angawerenge ndi amene angalembe. Pali njira zinayi: wiki yotseguka kwa aliyense, yofuna kuti wolemba akhale ndi akaunti, yolola olemba ovomerezeka okha pamene owerenga ndi aliyense, ndi yachinsinsi imene ngakhale kuwerenga kumafuna akaunti. Mukadumpha tsambali mumapeza wiki yotseguka, monga Wikipedia, momwe mlendo aliyense wopempha mawu achinsinsi a Wi-Fi angasinthe ndondomeko ya kagulidwe ka katundu. Pa tsamba lomwelo ndi pamene mumalola kuika zithunzi, kusankha maonekedwe monga Vector kapena Timeless, ndi kuyatsa zowonjezera zimene zinabwera kale m'thumbamo.

Pomaliza browser imatsitsa fayilo ya LocalSettings.php, ndipo inu muyenera kuinyamula nokha n'kukaiika m'foda yaikulu ya wikiyo, pafupi ndi index.php. Anachita zimenezi mwadala, kuti seva isakhale ndi mphamvu yolemba m'foda ya pulogalamu, koma kwa woyamba kumene n'zodabwitsa kuti pulogalamu imene yangopanga matebulo ambirimbiri mu database ikulephera kusuntha kafayilo kamodzi. Fayilo imeneyi ndi mtima wa wiki yanu, ndipo apa ndi pamene ndili ndi dandaulo langa lalikulu. MediaWiki ilibe tsamba la woyang'anira lodina mabatani posintha kayendedwe kake, monga anazolowera ogwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu ina yopangira masamba a pa intaneti. Chilichonse, kuyambira chizindikiro cha bungwe mpaka mitundu ya mafayilo ololedwa, chimasinthidwa polemba mizere ya PHP m'fayilo imeneyi, ndipo mukaiwala semicolon imodzi wiki yonse imasanduka tsamba loyera kapena uthenga wa vuto. Chizolowezi chabwino ndi kukopera fayiloyo pambali musanaikhudze, ndi kusintha mzere umodzi pa nthawi imodzi.

Zinthu zitatu zinafunika kuzikonza wiki isanayambe kuthandiza anthu. Choyamba chinali mzere wa $wgServer. Chifukwa ndinaika pulogalamuyi ndili pa kompyuta yomweyo, mzerewu unalembedwa kuti localhost, ndiye mnzanga aliyense akatsegula wiki pa laputopu yake ankabwezedwa kwa iye mwini, komwe kulibe kanthu. Ndinalembapo adiresi ya IP ya kompyuta ija, nambala imene imadziwika nayo pa netiweki, n'kuuzanso rauta kuti iziipatsa adiresi yomweyo masiku onse, apo ayi magetsi akazima n'kuyakanso adiresi imasintha ndipo malinki onse amafa. Chachiwiri chinali mafayilo: mwachibadwa MediaWiki imalandira zithunzi zokha, monga za png, gif ndi jpg, ndiye PDF muyenera kuiwonjezera nokha pa mzere wa $wgFileExtensions, komanso foda ya images iyenera kukhala yoti Apache ingalembemo. Chachitatu sichinali cha MediaWiki kwenikweni: PHP imakana fayilo yoposa 2 MB pokhapokha mutakweza malirewo mu php.ini, ndipo chithunzi cha foni ya masiku ano chimadutsa pamenepo mosavuta.

Pa nkhani ya chinenero, Chichewa chilipo pa mndandanda wa zinenero za MediaWiki, chili ndi chizindikiro cha ny, chomwenso chili pa adiresi ya Wikipedia ya Chichewa. Koma musayembekezere kuti zonse zisanduka Chichewa mukachisankha. Mawu a pulogalamuyi amamasuliridwa ndi anthu odzipereka pa translatewiki.net, ndipo pamene sanafike pamatuluka Chingerezi, moti tsamba limaoneka ngati nsalu ya zigamba. Ubwino wake ndi wakuti woyang'anira angathe kusintha mawu aliwonse payekha: uthenga uliwonse uli ndi tsamba lake loyamba ndi mawu akuti MediaWiki, ndipo mndandanda wonse uli pa Special:AllMessages. Ine ndinangomasulira mawu ochepa amene anthu amawaona tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi mndandanda wa kumanzere, ndipo zinakwanira. Chilembo cha ŵ chimalembeka ndi kusungika popanda vuto, koma wiki imaona Malaŵi ndi Malawi ngati masamba awiri osiyana, monganso imasiyanitsira zilembo zazikulu ndi zazing'ono kupatula choyamba chokha. Ofesi iyenera kugwirizana kalembedwe kamodzi ka mitu, kenako n'kupanga masamba olozera kuti wolemba mwanjira inayo azifikabe pamalo oyenera.

Pamene Chichewa chimavutikira zenizeni ndi pa kufufuza. Kafufuzidwe kamene kamabwera ndi MediaWiki kamayang'ana mawu athunthu, ndipo kamalola kanyenyezi kumapeto kwa mawu kuti mupeze onse oyamba chimodzimodzi. Zimenezi zimathandiza m'zinenero zimene mawu amasintha kumapeto, koma athu amasintha kutsogolo. Wofufuza mawu akuti mlimi sapeza tsamba lolembedwa kuti alimi, ndipo wolemba sukulu sapeza pamene wina analemba kusukulu kapena pasukulu mophatikiza. Wikipedia imagwiritsa ntchito chowonjezera chotchedwa CirrusSearch, koma chimenecho chimafuna seva ina yofufuzira imene imadya memori yochuluka kuposa imene kompyuta yathu yakale ili nayo. Tinathana nazo pogwiritsa ntchito magulu a masamba: tsamba lililonse limalembedwa kumapeto kuti lili m'gulu liti, la ndalama, la magalimoto kapena la mafomu, ndipo anthu amayenda m'magulumo m'malo modalira bokosi lofufuzira.

Nditadandaula chonchi, ndiyenera kunena chimene chinandichititsa kusaichotsa. Mbiri ya tsamba mu MediaWiki ndi chinthu chokoma kwambiri. Kusintha kulikonse kumasungidwa, mungaike mitundu iwiri ya tsamba pambali n'kuona mawu ochotsedwa ndi owonjezedwa ali ndi utoto wosiyana, ndipo kubwezera tsamba mmene linalili ndi nkhani ya kudina kangapo. M'ofesi imene kale munkakhala mafayilo asanu a chikalata chimodzi, lililonse likudzitcha lomaliza, zimenezi zinathetsa mikangano yambiri, ndipo zinachotsanso mantha a anthu amene ankaopa kuononga. Tsamba la zosintha zaposachedwa limaonetsa zonse zimene zalembedwa m'masiku apitawa, moti abwana angathe kuona m'mawa zimene zasintha popanda kufunsa munthu. Chinanso ndi VisualEditor, chida cholembera masamba mukuona mmene adzaonekere, imene imabwera m'thumba lomwelo kuyambira pa mtundu wa 1.35 wa mu 2020. Kale inkafuna pulogalamu ina yapadera yoyenda pambali, koma tsopano mumangoiyatsa. Popanda iyo anthu akanayenera kuphunzira zizindikiro za wikitext, mabulaketi awiri pa linki ndi zizindikiro za kufanana pa mitu, ndipo ndikudziwa kuti mayi aja sakanalola. Ndi VisualEditor amalemba monga amalembera mu Word, ndipo masamba ambiri a ndondomeko analemba ndi iwo.

Pali malire amodzi amene sasuntha. MediaWiki sinapangidwe kuti izibisa masamba ena kwa anthu ena. Mungatseke wiki yonse, mungaletse kusintha tsamba linalake, koma kuti tsamba la malipiro lizioneka kwa awiri okha pamene ena akuwerenga zotsalazo, opanga MediaWiki amachenjeza poyera kuti zowonjezera zochitira zimenezi zingadonthe, mwachitsanzo kudzera m'zotsatira za kufufuza. Apa ndi pamene ndinayesako DokuWiki, imene Andreas Gohr anayamba mu 2004. Nayonso ndi ya PHP ndipo ndi yaulere, koma sifuna database: tsamba lililonse ndi fayilo ya mawu wamba m'foda ya data, kuiika ndi tsamba limodzi la install.php, ili ndi malo a woyang'anira odina mabatani, ndipo kugawa amene angaone chigawo chakuti kunamangidwiramo kale. Kusunga kope lake ndi kungokopera foda. Kunena chilungamo, ofesi yaing'ono yopanda munthu wa makompyuta wokhazikika ndingaiuze kuti iyambe ndi DokuWiki. Ife tinakhala pa MediaWiki chifukwa cha VisualEditor ndi magulu a masamba aja, ndipo za malipiro tinagwirizana kuti zisalowemo n'komwe.

Amene akufuna kuika wiki yake pa intaneti yeniyeni, osati mu ofesi mokha, adziwe kuti mapulogalamu ofalitsa zotsatsa zachabechabe amaidziwa bwino MediaWiki ndipo amapanga maakaunti mwaunyinji pa wiki iliyonse yosiyidwa poyera. Chowonjezera cha ConfirmEdit, chofunsa mafunso osiyanitsa munthu ndi mapulogalamu oterewa, chimabwera kale, ndipo mbali yake yotchedwa QuestyCaptcha imakulolani kulemba mafunso anuanu. Funso lachidule la m'Chichewa, loti munthu wa kuno angayankhe asanaphethire, limatchinga zambiri. Maadiresi aafupi okongola ngati a Wikipedia amafuna kusintha malamulo a Apache, ndipo pa netiweki ya mu ofesi sindinaone chifukwa chodzivutitsira nawo.

Kusamalira ndi kumene kumasiyanitsa woika wiki ndi woisunga. Mitundu yatsopano imatuluka pafupifupi kawiri pa chaka ndipo yambiri imasamalidwa chaka chimodzi chokha, koma pa zaka ziwiri zilizonse pamatuluka mtundu wa LTS, kutanthauza wosamalidwa nthawi yaitali, umene umalandira zigamba za chitetezo kwa zaka zitatu: 1.35 mu 2020, 1.39 mu 2022, ndi 1.43 mu Disembala 2024. Wopanda nthawi asankhe LTS basi. Kukweza mtundu si kudina batani: mumatsitsa mafayilo atsopano, mumasamutsa LocalSettings.php, foda ya images ndi zowonjezera zogwirizana ndi mtunduwo, kenako mumayendetsa lamulo la update kuti database isinthidwe. Musanatero muyenera kusunga zinthu zitatu, database kudzera mu lamulo loikopera la mysqldump, foda ya images, ndi LocalSettings.php, chifukwa chimodzi chikasowa zinazo sizibweza wiki yathunthu. Tsiku lina magetsi anazima wina ali mkati molemba, database inatenga kanthawi kuti idzuke, ndipo m'mphindi zimenezo ndinakumbukira kuti kope langa lomaliza linali la milungu itatu yapitayo. Inadzuka bwinobwino, koma sabata yomweyo tinagula UPS yaing'ono, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima, ndipo ndinaika lamulo la cron, lodziyendetsa lokha pa nthawi yoikika, loti madzulo aliwonse lizikopera zitatuzo pa hard disk ina.

Malangizo a pa mediawiki.org ndi ochuluka ndipo pafupifupi funso lililonse lili ndi yankho, koma ambiri ali m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo masamba ena amasakaniza za mitundu yakale ndi yatsopano, moti muyenera kuyang'ana kabokosi kosonyeza mtundu musanakopere lamulo. Mwachitsanzo, malangizo akale amati muyendetse update.php mwachindunji, pamene kuyambira pa 1.40 njira yolimbikitsidwa ndi kudzera pa run.php. Pa liwiro sindidandaula: kompyuta yakale ija imatumikira anthu khumi ndi awiri mosatsamwa, makamaka nditayatsa APCu yosunga zinthu zobwerezabwereza m'memori. Mtundu wa 1.43 umene tili nawo udzasiya kusamalidwa kumapeto kwa 2027, ndipo ndondomeko yonse yokwezera, pamodzi ndi ya kubwezeretsa wiki kuchokera pa kope, ndinailemba pa tsamba lina la wiki yomweyo. Mayi aja ataiwerenga anandifunsa kuti tidzaiwerengera pati tsiku limene wikiyo idzakane kutseguka, ndiye ndinaisindikiza pa mapepala awiri amene tsopano ali mu envelopu yomatidwa pambali pa kompyutayo.